Kugawa ndi Zinayi

Kuseri kwa bilu ya magetsi
ndi komwe ndinawerengera tsogolo la Jussara,
ndi cholembera chofiira chotafunidwa kumutu.
Malipiro anga a pabasi, kuphatikiza za makeke
omwe mayi ake amagulitsa pachipata cha chipatala,
kugawa ndi mitu ya m'nyumba muno: inayi.
Yankho linadutsa pansi pa mzere wa boma
mmene Capibaribe amadutsira pansi pa mlatho mvula ikakula,
kungotsala chikhatho chimodzi.

Pansi pa mzere, akuti mwana aphunzire ulere.
Pamwamba pake ndiwe bwana, lipira wekha.
Amene anaujambula sindimudziwa.
Mwina anali ndi rula,
mwina njala ya masana inamugwira
n'kungoti, apa pakwana.

Lachitatu lina a Ednaldo anandiitana kudepoti.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pamsewu wa ku Ibura,
osagunda ngakhale galu,
tikufuna uziyang'anira madalaivala.
Malaya oyera, mpando wosagwedera,
ndi kangachepe pamwamba mwezi uliwonse.
Anatambasula dzanja.
Ine m'mutu ndinali nditayamba kale kugawa ndi zinayi.

Ndinati sindidziwa kukalipira anthu.
Anaseka.
Ndinati maso anga sagwirizana ndi kompyuta.
Anasiya kuseka.
Mpandowo anapatsa Valdir, mnyamata yemwe ndinamuphunzitsa ndine
kubwerera m'mbuyo osathyola galasi.
Lero ndiye amandilemba m'buku ndikachedwa.

Kunyumba ndinangoti zii.
Mkazi wanga anazimvera pamzere wa mankhwala,
anafika n'kukhala pakhomo osavula nsapato.
Kenako anati, Lamlungu ndileka kuphika makeke,
angatilemeretse.
Tinaseka mpaka misozi, anthu akuluakulu awiri
oopa ndalama ngati njoka yolowa m'nyumba.

Jussara ankafuna kujambula mapulani a nyumba.
Ali kamwana ankakonza Ibura yense papepala,
kusamutsa nyumba za m'mphepete mwa phiri logumuka,
kuika masitepe pomwe timaterereka.
Malo anawapeza, dzina lake linatuluka.
Koma thandizolo limathera pa fizi.
Mapepala aakuluakulu aja, makatoni, kompyuta yamphamvu,
makalasi a masana omwe salola munthu kugwira ganyu,
zimenezo fomu sinafunse.
Anachezera usiku wonse foni ili m'manja,
kuwala kwake kukutuluka pansi pa chitseko.
M'mawa anati, Bambo, ndasankha zowerengera ndalama,
makalasi ake ndi a usiku.
Ndinafuna kumuuza kuti fodya wako ndi yemwe ali pamphuno,
mawuwo anakana kutuluka.
Ndinangomuthirira khofi, ndipo anasefukira.

Tsopano masana amagulitsa nsapato mumzinda,
usiku amakwera basi yanga, ulendo wotsiriza.
Amalipira ngati wina aliyense,
n'kukhala kumbuyo kwanga, buku pamiyendo.
Mvula ikagwa, mawindo akachita nthunzi,
ndimamuona pagalasi akukoka mizere ndi chala:
denga, khonde, masitepe otsika bwinobwino.
Tikafika pa siteji yathu amafufuta ndi mkono wa juzi.
Sindinamufunsepo.
Nayenso za mpando uja sanandifunsepo,
ngakhale ndikudziwa kuti akudziwa.

Dzulo mlongo wake Josenildo,
yemwe ndevu zangoyamba kumera,
anabwera ndi kalata ya kusitolo yaikulu ya ku Boa Viagem:
amulemba ntchito yopanga katundu m'mashelefu.
Ntchito yake yoyamba.
Ndinadikira kuti adumphe, akuwe, anyamule mayi ake.
Iye anaima pakati pa nyumba, kalata ikunjenjemera,
anasuzumira kuchipinda kwa Jussara,
kenako anatsegula kabati, natulutsa bilu ya mwezi uno,
naitembenuza, naiyala patebulo.
Bambo, anatero,
tisanasangalale, tigawe kaye.